Likhweru la M'bango

3 Malichi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Mundiuze zoona, osati zanu zija zoti aliyense ali bwino pomwe wina ali gone.

Ine ntchito ndinayamba, lero ndakwanitsa masabata atatu. Munkandiseka kuti ndikupita kutauni kukagwira ntchito yakutchire, ndipo simunaname. Malowa ndi kankhalango ndi dambo pakati penipeni pa mzinda, ozingidwa ndi mpanda wa waya kuti zamoyo za mmenemo zisasokonezedwe. Ukaima pageti umamva mahutala ndi ofuulira malonda, koma ukangoyenda pang'ono phokoso lonse limazilala, n'kutsala achule ndi bango likukhulana. Muli maiwe anayi, kamlatho ka matabwa kodutsa pamwamba pa madzi, ndi kachisakasa kobisalamo poonera mbalame. Lolemba ndi Lachitatu ndimayendetsa ana asukulu, timavuula mbululu ndi tiukonde, kuziyang'ana n'kuzibwezeramo. Lachisanu kumabwera azigogo opuma pantchito, oyenda pang'ono koma olongolola kwambiri. Loweruka timazula namasupuni ndi anthu ongodzipereka. Anandipatsa yunifomu yobiriwira ndi jombo zondikulira.

Pali chimene sindinakuuzeni ponyamuka. Maiwewa si achilengedwe. Ndi maenje aja ankakumbamo dothi la njerwa, omwe aja anagumukira abambo zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo. Ndinkadziwa ndisanalembe n'komwe kalata yofunsira ntchito. Inu abambo mumawakumbukira bwino, ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha, ndiye ndinkafuna kungowaona malowo. Ndinkaganiza kuti ndikalira, koma ndinapezapo akakowa ataima m'madzi ngati palibe chinachitikapo.

Dziwe lachinayi alendo saloledwako. Bango lake n'lalitali kuposa denga la nyumba, ndipo pamkuyu wa m'mbali mwake nantchengwa anamangapo chisa. M'mawa uliwonse ndine woyamba kudutsa pakamlatho kuona ngati pali thabwa lothyoka. Kawiri tsopano ndapeza mapazi onyowa pamatabwapo, a munthu wosavala nsapato, ochokera kudziwe lachinayi n'kubwereranso komweko. Alonda akuti ndi ng'azi. Kaya ng'azi zakuno zili ndi chidendene.

Kalatayi ndatumiza kushopu kwanu dala. Amayi musawauze kaye.

Ndine mlongo wanu.


19 Malichi

Chitsiriza,

Kalata yako yandipeza pamakina, ndili pakati pa madiresi aukwati amene mwini wake akunenepa sabata iliyonse. Tonse tili bwino, ndipo nthawi ino ndikunena zoona. Mwendo wa amayi umatupa madzulo, koma umaphwa msanga akamva kuti kwa aneba kuli nkhani. Mlamu wako akuti umutumizire chithunzi uli m'jombomo.

Za malowo sindinakondwe nazo. Mzinda wonsewo ntchito inasowa, mpaka ukasankhe pamene panatidyera bambo? Unabadwa wamakani, koma apa wanyanya. Amayi sindiwauza, ndipo iwenso usayerekeze.

Mapaziwo asakusowetse tulo. Paliponse pali madzi ndi mpanda, pali munthu amene anapeza poboola mpandawo. Ndi wakuba nsomba ameneyo. Uwauze abwana ako, ndipo usamayende wekha m'mawa. Akufa sanyowetsa matabwa. Abambo tinawaika ndikuona, dothi ndinaponya nawo ndi dzanja langali.

Ukapeza ntchito ina, ngakhale yosesa muofesi, uyitenge. Ulembe msanga.

Mchimwene wako.


6 Epulo

Achimwene,

Moni kwa nonse. Ndamva zimene mwanena, koma werengani izi kaye musanandikalipirenso.

Sabata yatha tinkachita kalembera wa achule ndi mayi wina wophunzira za zamoyo zam'madzi, amene tonse timangowatchula kuti Adokotala a Achule. Tikuyenda m'mphepete mwa dziwe lachitatu, jombo yanga inakodwa mu mono. Adokotala anakwiya kuti akuba atilowerera, koma ine nditaunyamula ndinauyang'anitsitsa. Kukamwa kwake kunali kolukidwa mobwerera kumanzere, ndipo kumchira kunali mfundo ziwiri zogundana. Ndi wofanana ndi mono uja uli kudenga la khitchini kwathu, umene amayi amakana kuti tiutaye. Ndaonapo miono yambiri, koma wolukidwa chotero ndi umodzi wokhawo. Munkati abambo ankaluka mobwerera chifukwa anali amanzere. Kodi alipo wina amene anawaphunzitsa kapena amene anaphunzira kwa iwo, kupatula inu?

China chinachitika Lachisanu, dzuwa lili paliwombo. Ndinali ndi azigogo anga khumi ndi awiri m'kachisakasa, tikuonera katumbu akusambira. Mwadzidzidzi achule onse anangoti zii. Mpheta zimene zimasokosera m'bango tsiku lonse nazo zinaleka. Kenako kuchokera kudziwe lachinayi kunamveka likhweru, kawiri kokwera, kamodzi kotsika. Achimwene, ndi lija ankatiitanira tikachedwa kosewera. Chimenechi chokha ndicho ndimachikumbukira bwino pa iwo.

Ndikanati ndi mutu wanga, koma agogo ena aamuna anatsegula buku la mbalame n'kundifunsa kuti imeneyo ndi mbalame yanji. Ndinawayankha kuti sindinaidziwebe. Titatuluka ndinazindikira kuti ndaluma mlomo mpaka magazi.

Ndikufunseni chinthu chimodzi, ndipo musandiyankhe ndi nthabwala. Mwati munaona akuwaika. Nkhope yawo munaiona?

Mlongo wanu.


2 Meyi

Achimwene,

Patha mwezi simunandiyankhe. Ngati funso lija linakupwetekani, nenani, kusiyana n'kungondisiya chonchi.

Ndamuona. Linali Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke pamadzi. Anaima m'bango madzi akumulekeza m'chiuno, mutu uli mbuu, atavala thumba loboola pakhosi. Sanathawe. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu amene akufuna kukumbukira kumene anandiona, kenako anabwerera chambuyo, bango n'kutsekeka. Madzi sanachite phokoso ngakhale pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo ndimapeza zinthu pathabwa lomaliza la kamlatho: tsiku lina nkhanu zitatu zomangidwa ndi luzi, tsiku lina maluwa a m'madzi.

Ndinatsatira malangizo anu n'kuwauza abwana za mapazi ndi mono, ndipo tsopano ndikudandaula. Agamula kuti pa 25 mwezi uno atchetcha bango la dziwe lachinayi n'kulitentha. Akuti linali litakalamba kale, lofunika liphukenso. Kubwera alonda ena ndi agalu. Usiku sindikugona. Ndiyankheni.

Mlongo wanu.


9 Meyi

Chitsiriza,

Kalata yako ya pa 2 inandisokoneza mutu. Funso lake liti? Wamuona ndani? Nditawerenga za munthu wokusiyira maluwa ndinayamba kuseka, ndimvekere mlongo wanga wapeza chibwenzi chosauka. Nditabwereza ndinaleka kuseka, ndipo mlamu wako anati mwina malungo akukwera kumutu, ndipite ndikakutenge.

Dzulo ndi pamene ndadziwa kuti panali kalata ina ya mu Epulo. Inafika ine nditapita kukagula nsalu, shopu ili yotseka, wamtengatenga n'kukaisiya kunyumba m'manja mwa amayi. Mwezi wonsewu akhala akudya ngati mbalame, osapita ngakhale kwa aneba, ife n'kumati ndi mwendo. Mlamu wako anaipeza m'pilo akuchapa. Yachita kufewa ndi kuwerengedwa.

Ndikuyankhe tsono. Nkhope sindinaione. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, anandiuza kuti ndiime apa, ndinaima. Kalukidwe ka mono kaja abambo anakayamba okha, ndipo ngakhale ine kanandikanika.

Amayi alemba yawo, ndaiika momwemu. Sanandilole kuiwerenga. Usalowe m'bangomo wekha, ndagwira mwendo wako.

Mchimwene wako.


Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Uwerenge modekha.

Kalata imene unalembera mkulu wako ndinaitsegula. Ndinalakwa, koma ndinaona dzanja lako ndipo ndinali nditakusowa.

Bambo ako anabwera nawo anzawo atatu a kunjerwa, pagalimoto yotseguka kumbuyo. Bokosi linali lokhomedwa kale ndi misomali. Anati dothi linawagwera anthu angapo, anakumba masiku awiri, ndipo nkhope sinali yoti mkazi n'kuiona. Anawazindikira ndi jekete. Jeketeyo anandipatsa, inali yawodi, chigamba cha pachigongono ndinasoka ndine.

Ndinapempha kuti anditsegulire kumapazi kokha. Akuluakulu anandikaniza, amvekere ndisavutitse womwalira. Ndinali wamng'ono, ndinamvera. Chimene ndinkafuna kuona ndi ichi. Bambo ako phazi lakumanzere linalibe chala chaching'ono, anadziduka ndi khasu ali mwana. Komanso bambo ako anali munthu wobwereketsa zinthu. Jekete imeneyo inkagona kwa anthu kuposa kwathu.

Zaka zonsezi ndalimira manda aja, ndabzalapo maluwa, ndalankhulapo za inu ana. Koma palibe tsiku limene mtima unakhazikika kuti ndikulankhula ndi mwamuna wanga. Sindinauzepo munthu. Ukanena zotere amati wamasiye wapenga.

Mkulu wako wandionetsa makalata ako enawo. Wati umaona mapazi pamatabwa. Ukawaonenso, uwerenge zala. Ukapeza zisanu, usandilembere, ndidzamva ndi kukhala chete kwako. Ukapeza zinayi, usalole kuti moto uyatsidwe.

Uzivala zofunda m'mawa, kumadzi kumazizira.

Mayi ako.


24 Meyi

Amayi ndi achimwene,

Iyi muwerengere limodzi, mutakhala pansi.

Makalata anu anafika pa 20. M'mawa mwake ndinalawirira kukamlatho, koma matabwa anali ouma. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Dzulo mapazi analipo. Ndinagwada n'kuwerenga katatu dzuwa lisanawaumitse. Kumanja zisanu, kumanzere zinayi.

Achimwene mundikhululukire, ndinalowa ndekha. Ndinaopa kuti akaona alonda athawa. Kuseri kwa mkuyu kuli kanjira kongokwana munthu mmodzi, madzi ofika m'mawondo. Mkati mwa bango mulibe mphepo, ndipo mzinda sumveka n'komwe. Achule ankaleka kulira kutsogolo kwanga n'kumayambiranso kumbuyo. Ndinayenda mpaka ndinafika pakachilumba pamene pali uvuni wakale wa njerwa, wogumuka mbali imodzi. Pabwalo pake panali posesedwa bwino. Ndipo panali njerwa, amayi. Njerwa zosawotcha, zoumbidwa ndi manja, zoyalidwa m'mizere yowongoka, zina zouma, zina za dzulo, zina zosungunuka ndi mvula ya zaka zingapo. Milu yake inali yondipitirira msinkhu.

Anali atakhala pakhomo la uvuniwo akukanya dothi ndi dzanja lamanzere. Ndi okalamba, owonda kwambiri, ndipo pamwamba pa khutu lakumanja mutu unalowa mkati, malo okwana chikhatho cha mwana. Anadzutsa maso osadzidzimuka konse.

"Mwabwera?" anatero. "Nanga ana mwasiya ndi yani?"

Aliyense amati ndinatengera nkhope yanu, amayi, koma ndinali ndisanamvetse kuti n'kutani mpaka nthawi imeneyo. Ndinawayankha kuti ana ali bwino, anakula. Anagwedeza mutu ngati ndanena zachibwana. Ndinawapempha kuti tizipita kunyumba.

"Sitinaweruke," anatero. "Anzanga akadali pansi. Akatuluka tinyamukira limodzi."

Analoza dziwe. Madzi ake anali bata, akuda, tombolombo akuuluka pamwamba. Ndinakhala nawo mpaka masana. Anandiwotchera nkhanu, ndinadya ndikulira, iwo n'kumandiuza kuti ndisamale zigoba.

Nditatuluka ndinapita kwa abwana ndi matope anga omwewo n'kuwaonetsa kalata ya amayi. Anaiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi. Moto aimitsa, agalu sabweranso. Alonda aja ankati ng'azi avomera kuti ankadziwa kuti muli munthu, koma ankaopa kunena chifukwa ankamuyesa mzukwa. Amayi ena ogulitsa masamba kuseri kwa mpanda akuti abambo amawadziwa kalekale, amawatchula kuti Abango. Kale ankagona m'makonde a sitolo osalankhula ndi munthu, ndipo mpanda utamangidwa anayamba kulowera m'ngalande ya madzi amvula. Kumene anali zaka zoyambirira palibe akudziwa.

Anamwino anabwera kudzawaona, koma kutuluka akukana. Ine sakundimvera. Amayi, bwerani.

Mwana wanu.


14 Juni

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Amayi anafika bwino, ndinakawalandira kudepoti. Ndikudziwa mukudikira kumva, ndiye ndingolunjika.

Anakana kupuma. Tinapita tsiku lomwelo. Alonda anayala matabwa m'kanjira kaja, ndipo amayi anayenda ndi ndodo yawo osalola kugwiridwa. Titafika, abambo anaimirira mwaulemu, n'kuwapatsa moni ngati mlendo. Anawatchula kuti agogo, n'kuwafunsa ngati asochera. Amayi anawayandikira. Anayang'ana phazi, anayang'ana manja, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndi iwowo. Sanalire. Anakhala pakamulu ka njerwa n'kumawaonerera akukanya dothi, mwina ola lathunthu.

Dzuwa litapendeka ndinati tizipita, tidzayesenso mawa. Abambo anali atatifulatira, akuyala njerwa. Amayi anaimirira, n'kulankhula ndi mawu amene sindinawamvepo, a munthu wotopa ndi kudikira mwamuna wochedwa.

"Inu, madzi akuzizira kubafa. Anzanuwo anaweruka kale."

Abambo anaima chilili. Anaika njerwa pansi, anapukuta manja pathumba lija, n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku kufuna amene walankhula. Anayang'ana ine, anadutsitsa maso pa amayi, anasuzumira m'bango. Amayi anayamba kuyenda akulankhulabe osacheuka, zoti ana adya kale, zoti nyali yatha mafuta. Abambo anawatsatira mawuwo mpaka pageti.

Tsopano tili atatu m'kachipinda kanga. Adokotala akuchipatala akuti bala la m'mutu ndi lakale kwambiri, tisayembekezere zambiri. Amayi akakhala pamaso pawo, ndi agogo achilendo. Akalankhula ali kuseri kwa katani, abambo amayankha ngati anasiyana dzulo. Ndiye amayi amakhala kuseri kwa kataniko nthawi yaitali, akusenda nyemba, awiriwo n'kumacheza. Dzulo ndinawamva akuseka. Ndinatuluka panja.

M'mawa abambo amadzuka ine ndisanadzuke, n'kuima pakhomo kudikira kupita kuntchito. Abwana alola kuti ndizipita nawo. Amakhala pansi pa mkuyu, ndipo Adokotala a Achule sachoka pambali pawo ndi kabuku, chifukwa abambo amadziwa una uliwonse wa katumbu ndi pamene fulu amaikira mazira. Koma tikamaweruka amaima kaye pamphepete pa dziwe lachinayi, kuimba likhweru lija, n'kudikira. Achule amati zii. Ine ndimawagwira dzanja mpaka atatopa kudikira.

Abambo anakufunsani. Anati mnyamata uja asamasewere ndi lumo la amayi ake. Mubwera liti?

Mlongo wanu.


29 Juni

Chitsiriza,

Tonse tili bwino. Ana akufunsa kuti agogo aamuna amene anali kumanda aja abwera liti, ndipo ndasowa poyambira.

Wandifunsa kuti ndibwera liti. Kawiri ndafika padepoti n'kubwerera. Ndikuuze zoona, ndikuopa. Iwe akukuyesa amayi, amayi akuwayesa mlendo. Ine ndili ndi imvi tsopano, ndaposa msinkhu umene iwo anali nawo pochoka. Akandipatsa moni waulemu sindikudziwa ngati ndidzapirire ngati amayi. Koma ndibwera Loweruka likudzali. Mlamu wako wanena kuti ndikabwereranso padepoti andikhomera kunja. Ndawasokera malaya awiri ndi buluku mongoyerekeza, ndidzabwera ndi singano kuti ndidzabweze pomwepo.

Uchite chinthu chimodzi ndisanafike. Ufunse amayi amasamba aja ngati alipo wina wamoyo amene ankaumba nawo njerwa nthawi imeneyo. Tikufuna dzina la munthu amene anabwereka jekete. Kwinakwake kuli anthu amene mpaka lero amati anawathawa.

Dzulo ndinapita kumanda ndi tchizulo. Nkhani yafala, ndipo anthu ayamba kulambalala manda aja, ena akuti tifukule, ena akuti tisawayandikire. Ine ndinalimirapo monga amachitira amayi, n'kuthirira maluwa awo. Kenako ndinagwada n'kugoba dzina la abambo pasimenti, chilembo chimodzichimodzi, ndi chaka chawo chobadwa. Zinanditengera masana onse. Nditafika pa tsiku lomwalira ndinaima, tchizulo chili m'manja. Ndalisiya. Limenelo ndi lake ndithu munthu amene wagona m'menemo.

Mchimwene wako.